Benz yakale ya 300 SE: ndiyambe ndi malimu kapena ndi matuza a pa penti?

Funso: Ndagula Mercedes-Benz 300 SE ya chaka cha 1989, imene yayenda makilomita opitirira pang'ono 260,000. Injini imalira bwino ndipo makaniko wanga akuti palibe chodetsa nkhawa. Ndikufuna kuikako malimu a mainchesi 19, kuitsitsa kuti iyandikire pansi, kuimata pepala lakuda thupi lonse, kudetsa magalasi ndi kusintha nyali kuti zikhale za LED. Chimene ndaona chabe n'chakuti pansi pa galasi lakumbuyo penti watukuka ngati matuza, komanso ndikaizimitsa itatentha n'kuisiya kwa kanthawi, imachedwa kulira. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Galimoto mwagulayo ndi ya mtundu umene fakitale imautcha W126, umene unaonetsedwa koyamba ku Frankfurt mu 1979 ndipo unapangidwa mpaka 1991. Yanuyo ndi ya m'gulu lachiwiri, limene linayamba mu 1985, ndipo ili ndi injini ya M103 ya masilinda 6, ya malita atatu, imene imakhalitsa ikamasamalidwa. Koma m'kalata yanu yonse, mawu amene andiimitsa si a malimu kapena a nyali ayi, ndi aja mwawatchula mongodutsa kumapeto, a matuza ndi a kuchedwa kulira. Ndalama zanu zoyamba zipite kumeneko. Zokongoletsa zidikire, ndipo nthawi yake ikadzakwana mudzasankhe zokhazo zimene zingamasulidwe tsiku lina n'kuibwezera galimoto mmene inalili.

Matuza amene mukuwaona pansi pa galasi lakumbuyo ndi nthenda yodziwika ya magalimoto a mtundu umenewu. Labala wogwira galasi akakalamba amauma n'kusiya mpata, madzi amalowa n'kukhazikika m'ngalande imene galasilo limakhalamo, ndipo dzimbiri limayamba kudya chitsulo kuchokera m'kati. Pamene penti akutukuka kunja, ndiye kuti dzimbirilo linayamba ntchito yake zaka zingapo zapitazo. Kuti muone kukula kwa vutoli simufunika makaniko. Tsegulani buti, chotsani kapeti ndi zotchinga za m'mbali, ndipo mugone chagada m'butimo muli ndi tochi m'manja, n'kuunika m'mwamba m'makona awiri a pansi pa galasi. Mukaona mizere yofiirira yotsika ndi chitsulo, kapena chala chikamagwetsa zinyenyeswa, madzi akhala akudutsa pamenepo. Pisaninso dzanja m'maenje awiri a m'mbali mwa buti, kuseri kwa matayala akumbuyo, chifukwa madzi olowa amakathera kumeneko. Ndinaonapo galimoto ya mtundu womwewu imene inabwera ikunyezimira, penti watsopano, malimu aakulu, koma titatukula kapeti tinapeza jeke itamira m'madzi a dzimbiri ndipo chitsulo cha pansi pa galasi chinkaboola ndi sikuludiraiva popanda kukankha mwamphamvu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukatero pitani pa mabowo anayi olowetsamo jeke, amene ali m'munsi mwa zitseko, muchotse zotsekera zake ndi kugogoda mozungulira. Yang'ananinso pansi pa batire, m'mphepete mwa madigadi, ndi kuseri kwa mapulasitiki aakulu a m'mbali mwa zitseko, chifukwa timabowo ta zogwirira zake ndi pamene dzimbiri limakonda kubisala. Ngati galimoto yanu ili ndi denga lotsegula, thirani madzi pang'ono m'ngalande yake muone ngati akutulukira pansi; timapaipi take tikatsekeka, madzi amatsikira m'makapeti. Maginito okulunga m'kansalu, mukamawayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi pa madigadi, amakuuzani pamene mwini wakale anamata phala lija amisiri amati fila, popeza pamenepo sagwira.

Kukonza kwake n'kumodzi kokha: galasi lichotsedwe, chitsulo chovunda chidulidwe mpaka pofika chitsulo chabwino, chigamba chatsopano chiwotcheredwe, apake penti woyamba wa epoxy, ndipo galasi libwerere ndi labala watsopano. Mmisiri amene angakuuzeni kuti angopala pamwamba n'kumata fila galasi lili pomwepo, musamupatse galimoto yanu, chifukwa matuzawo adzabwerera mvula isanagwe kawiri. Ntchitoyo ikatha, uzani amisiri apopere phula lotetezera dzimbiri m'kati mwa zitseko ndi m'mphako zonse za m'munsi mwa thupi. Palibe amene adzaone phulalo, koma ndilo lidzasunge penti amene mukufuna kumukongoletsayo.

Za kuchedwa kulira, ndikukayikira petulo. Injini yanu imamwa kudzera m'makina a Bosch otchedwa KE-Jetronic, amene amagwira ntchito ndi mphamvu ya petulo m'mapaipi yopitirira 5 bar, ndipo anapangidwa kuti injini ikazima, gawo la mphamvuyo litsalebe kwa kanthawi. Ikatha msanga, petulo wa m'mapaipi a pamwamba pa injini yotentha amasanduka nthunzi, ndiye mukapotokola kiyi, pampu imayamba kaye yathamangitsa nthunziyo injini isanagwire. N'chifukwa chake galimoto yotere imalira msanga m'mawa koma n'kuvuta masana mutangoiimika. Kawirikawiri wolakwa amakhala kachitini kotchedwa accumulator, kamene kali pansi chakumbuyo pafupi ndi pampu ndi fyuluta ya petulo, kapena kavalavu koletsa petulo kubwerera kamene kali pakamwa pa pampuyo, kapena mainjekita amene akudontha. Makaniko wodziwa amalumikiza geji, amazimitsa injini n'kuona mmene muvi ukutsikira, ndipo amapeza cholakwacho popanda kulota. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musalole munthu aliyense kupotokola kasikuluwu kosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, kaja kamene kamafuna kiyi ya Allen ya mamilimita atatu, asanayeze mphamvu ya petulo ndi kufufuza ngati mapaipi a mpweya sakuba mphepo. Magalimoto ambiri a mtundu umenewu amene amamwa petulo mopitirira muyezo anafika pamenepo chifukwa cha dzanja limene linathamangira kasikuluwu kameneko. Galimoto ikakwezedwa kuti aone pampu, asinthiretu mapaipi onse a labala a petulo a pansipo. Akhala akugwira ntchito zaka zoposa makumi atatu, ndipo akang'ambika petulo amafwamphukira pafupi ndi paipi ya utsi.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kotchedwa OVP relay, koteteza zipangizo zamagetsi ku mphamvu yopitirira muyezo, kamene kali ndi fyuzi pamutu pake. Kakayamba kufooka, nyali ya ABS (makina oletsa matayala kukwekwereza mukaponda mabuleki) imayaka, injini imalira mosakhazikika ikaima ndipo imavuta kukazizira, moti anthu amagula zipangizo zodula pamene vuto lili pa kanthu kokwana m'chikhatho. Mafyuzi a m'bokosi lalikulu nawonso ndi akale aja okhala ngati njere, ndipo nsonga zake zikachita dzimbiri amabweretsa zovuta zamagetsi zosamvetsetseka. Asinthidwe onse tsiku limodzi.

Injini ya M103 ili ndi mutu wa aluminiyamu pa thunthu la chitsulo, ndipo chimene imadana nacho kwambiri ndi kutentha kopitirira. Khosi la pulasitiki la pamwamba pa rediyeta limauma ndi zaka ndipo limathyoka mosachenjeza, choncho ngati simukudziwa zaka za rediyeta yanu, isintheni pamodzi ndi thermostat (kavalavu koyang'anira kutentha kwa madzi) ndi mapaipi ake, ndipo muthiremo madzi osakaniza ndi mankhwala a muyezo wa Mercedes wa 325.0, osati madzi okha. Kudontha kwa oyilo pakona ya kumbuyo kwa mutu wa injini ndi kutsogolo pa chivundikiro cha tcheni n'kofala pa injini zimenezi; kukakhala kongonyowetsa mukhoza kukuyang'anira, koma oyilo akayamba kuoneka m'madzi a rediyeta, gasiketi yatha. Giyabokosi yanu ya magiya anayi imafuna oyilo ndi fyuluta zatsopano pa makilomita 60,000 alionse, ndipo torque converter yake, chitini chozungulira cholumikiza injini ndi giyabokosi, ili ndi bawuti yakeyake yokhuthulira, imene amakaniko ambiri amaiiwala n'kusiya theka la oyilo wakale momwemo. Madzi a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Aonenso malabala awiri ozungulira amene amalumikiza shafuti yopita ku matayala akumbuyo, ndi malabala onse a miyendo ndi a chiwongolero. Zimenezi ndazitchula mofulumira, koma zili ndi gawo pa nkhani ya malimu, chifukwa tayala lalifupi limakankhira nkhonya zonse za msewu pa malabala omwewo.

Tsopano malimu. Galimoto yanu inatuluka ndi matayala a 205/65 R15. Nambala yapakatiyo ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi magawo 65 pa 100 a m'lifupi mwake, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 133 a labala ndi mpweya pakati pa limu ndi msewu. Kuti limu la mainchesi 19 likwane popanda kusokoneza geji ya liwiro, mufunika tayala ngati 235/35 R19, limene khoma lake ndi mamilimita 82 okha. Mwataya mamilimita oposa 50, ndipo mamilimita amenewo ndiwo anali mbali ya ufewe umene anthu amagulira S-Class, gulu la magalimoto apamwamba a Mercedes limene yanuyi ilimo. Masipuling'i ndi mashoko a galimotoyi anawayeza poganizira tayala lalitali khoma, moti mukalichotsa mudzamva mng'alu uliwonse wa msewu m'chiwongolero, dashibodi idzayamba kulira, ndipo dzenje limodzi lokha likhoza kupinda limu. Kumbali ya maonekedwe, ili ndi lingaliro langa chabe, koma thupi limene Bruno Sacco, mkulu wa ojambula magalimoto ku Mercedes pa nthawiyo, ndi anzake analijambula ndi lalitali, la mizere yowongoka, ndipo malimu aakulu kwambiri amalichititsa kuoneka ngati munthu wamkulu amene wabwereka nsapato za mdzukulu wake. Mainchesi 16 ndi tayala la 225/55, kapena 17 ndi tayala la 235/45 ngati mukufunitsitsa, ndiye malire amene ine ndingakulangizeni. Malimu a nthawi yomweyo, monga a AMG a nsonga zisanu otchedwa Penta kapena a BBS RS, amaikhala bwino galimotoyi chifukwa anabadwira m'zaka zimodzi. Ndipo musapeputse malimu a fakitale a mabowo 15, amene Ajeremani amawatcha Gullideckel powafanizira ndi chivundikiro cha ngalande za m'misewu. Akakonzedwa bwino n'kuvekedwa matayala atsopano, amasintha nkhope ya galimoto kuposa mmene mungaganizire.

Pogula malimu, kukwana kwa mabowo asanu si umboni wakuti limu ndi loyenera. Magalimoto ambiri a Mercedes ali ndi mabowo a muyezo wa 5x112 ndi bowo lapakati la mamilimita 66.6, koma amasiyana pa nambala yotchedwa ET, imene imanena mmene limu limalowera m'kati. Malimu a aluminiyamu a fakitale a galimoto yanu ndi ET25, pamene a magalimoto atsopano amakhala ndi nambala yokwera kwambiri, ndipo mukawaika pa W126 amalowa m'kati n'kumakhula miyendo yakutsogolo. Mabawuti nawo ali ndi nkhani yawo. Anu ndi a M12, a khosi lozungulira ngati mpira, pamene malimu ambiri ogula padera amafuna a khosi losongoka, ndipo a Mercedes atsopano anabooledwa poyembekezera mabawuti onenepa a M14. Bawuti ya khosi lolakwika imagwira ndi kampheto kochepa chabe ndipo imamasuka m'njira. Yotalika kwambiri imapyola n'kukakola zipangizo za handibuleki zimene zili m'kati mwa disiki yakumbuyo. Amange ndi sipanala yoyeza mphamvu pa 110 Nm, ndipo musunge m'buti mabawuti oyenera tayala lapadera.

Kutsitsa galimoto n'kotheka, koma pang'ono. Pamwamba pa sipuling'i iliyonse pali labala wokhalira, ndipo fakitale inapanga malabala amenewa a makulidwe osiyana, amene amadziwika powerenga timabampu ta m'mphepete mwake. Kungoika wopyapyala kumatsitsa galimoto pang'ono popanda kuononga kalikonse. Mukafuna zoposa apo, gulani masipuling'i opangidwira galimotoyi ndipo musapitirire mamilimita 30, chifukwa miyendo yakumbuyo ya W126 inapangidwa mwakuti thupi likatsika, matayala amapendekera m'kati n'kumadyeka mbali imodzi. Kudula masipuling'i kapena kuwawotcha ndi moto musakuyerekeze n'komwe. Sipuling'i yakutsogolo ya galimotoyi ndi yaitali, yopanikizidwa kwambiri, ndipo imafuna chida chake cholowa m'kati mwake. Zogwirira zakunja wamba zikapulumuka, ikhoza kupha munthu. Musanachite chilichonse, dziwaninso kuti galimoto ya zaka zimenezi nthawi zambiri imakhala itatsika kale yokha chifukwa cha kutopa kwa masipuling'i.

Pepala lomata thupi lonse sindikulilimbikitsa pa galimoto imeneyi. Silichiritsa dzimbiri, limangolibisa kuti musalione pamene likukula, ndipo likapsa ndi dzuwa kwa zaka zingapo n'kufuna kuchotsedwa, limanyamula penti pamalo ponse pamene panapentedwanso mosalimba. Ndingakonde mutayamba mwaona chimene penti wanu angathe kubweza. Nambala ya mtundu wake yalembedwa pa kachitsulo kamene kali kutsogolo m'boneti, pamwamba pa rediyeta: 040 ndi wakuda, 147 ndi woyera, 199 ndi wakuda wopita ku buluu wonyezimira, 904 ndi wabuluu woderako, ndi ina yotero. Nambala yomweyo ndi imene mmisiri wokonza pansi pa galasi adzasakanizire penti. Tengani kansalu koyera, pakanipo polishi pang'ono ndipo mupukute malo obisika. Mtundu wa galimoto ukatsalira pa kansaluko, penti wanu alibe vanishi pamwamba, ndipo wotereyu ngakhale atatuwa ngati choko amabwerera modabwitsa. Kansalu kakatuluka koyera, pali vanishi, ndipo mufunika kusamala kwambiri, popeza penti yense wa fakitale, kuyambira pa chitsulo, amangokhuthala pang'ono chabe kuposa pepala lolembapo, ndipo vanishiyo ndi gawo chabe la zimenezo. Kupolisha ndi kupala, ndipo chimene mwapala sichibwerera. Tsukani galimoto, chotsani zomata ndi dongo lotsukira penti, yambani ndi polishi wofewa kwambiri pa kachigawo kakang'ono, ndipo makina asayandikire m'mphepete mwa zitseko ndi pa mizere yakuthwa, pamene penti amakhala wopyapyala. Pomaliza pakani phula kapena mankhwala oteteza penti otchedwa ceramic.

Zitsulo zonyezimira zozungulira mawindo musazikhule ndi polishi wa zitsulo. Zambiri mwa izo ndi aluminiyamu wokutidwa ndi khungu lolimba lopyapyala, ndipo khungulo likachoka zimatuwa mwamsanga kuposa kale. Mapulasitiki a m'mbali anapangidwa dala kuti akhale a mtundu wosiyana pang'ono ndi thupi, ndipo kusiyana kumeneko n'kumene kumaichititsa galimotoyi kuoneka yaitali ndi yokhazikika. Akapentedwanso mu mtundu wake weniweni, galimoto imatsika zaka khumi pa nkhope.

Kudetsa magalasi kudikire mpaka galasi lakumbuyo litabwerera m'malo mwake, ndipo mufunse kaye malamulo a dziko limene mukuyendetsamo, chifukwa mlingo wololedwa umasiyana, makamaka pa magalasi akutsogolo. Pepala la ceramic losada kwambiri limachepetsa kutentha ndi kuteteza dashibodi popanda kukuchititsani khungu usiku. Dziwani kuti pepala lotchipa likamachotsedwa pa galasi lakumbuyo likhoza kudula timawaya tochotsa nkhungu.

Nyali zanu zakutsogolo zimagwiritsa ntchito mababu a H4, ndipo mbale yonyezimira ya m'kati pamodzi ndi mizere ya pa galasi anaziyeza poganizira kawaya koyaka kamene kali pamalo amodzi enieni. Babu ya LED imatulutsa kuwala kuchokera pamalo ena, ndiye kuwalako kumamwazika, kumathobwa oyendetsa amene mukukumana nawo, pamene inu mukuona msewu wapafupi wokha. Kuwonjezera apo, galimoto yanu ili ndi kanyali kochenjeza babu ikapsa, ndipo ma LED, popeza amakoka magetsi ochepa, amakayatsa nthawi zonse. Ngati nyali zikuwala mofooka, masulani galasi lake mulitsuke m'kati, onani ngati mbale sinachite chifunga, tsukani polumikizira mawaya ku thupi, ikani mababu atsopano abwino ndipo muziwongolere pa khoma. Nyali zakumbuyo za mizeremizere zija musazidetse; mizereyo anaiika kuti matope akamata pamwamba, m'ngalande zake muzitulukabe kuwala.

M'kati ndi mmene mudzakhale nthawi yonse imene muli ndi galimotoyi, ndipo ndalama zokongoletsera zimabweza zambiri kumeneko kuposa kunja. Mpando wa dalaivala ukakhala wopendekera ku chitseko, vuto silili pa chikopa koma pa masipuling'i a pansi pake ndi chiguduli cha ulusi chimene chimafumbutuka ndi zaka. Zonsezi zimasinthika chikopa chakale chili chomwecho. Chikopacho chitsukeni ndi sopo wake ndi kaburashi kofewa, ndipo pamene mtundu wachoka apakepo utoto wa zikopa wofanana, m'malo mosokanso mpando wonse ndi chikopa chatsopano chimene sichidzafanana ndi zitseko. Mankhwala onyezimiritsa dashibodi asiyeni, amangoitanira fumbi ndi kuthobwa m'maso pa galasi. Chotchinga dzuwa mukaimika galimoto chimathandiza koposa. Matabwa a Zebrano a pa dashibodi ndi pozungulira giya ndi mtengo weniweni wopyapyala, ndipo ming'alu imene mukuiona ili mu vanishi, imene mmisiri wa matabwa angaichotse n'kupaka ina. Makina oziziritsa mpweya anapangidwira gasi wa R12, amene analetsedwa. Powasinthira ku R134a asinthe oyilo wake, kachitini koumitsa ndi malabala a polumikizira, osangopopera gasi watsopano pamwamba pa zakale.

Ngati wailesi ya Becker ikadalimo, isiyeni pamalo pake ndipo muike kachipangizo ka Bluetooth kobisika kuseri, kapena mugule wailesi yakuda yosachita phokoso m'maso imene ingalowe m'bowo lomwelo popanda kudula mawaya. Masipika atsopano alowe m'malo a akale, ndipo zitseko ndi thandala la kumbuyo kwa mipando zisaboolidwe. Chilichonse chimene mwachotsa, kaya ndi malimu, masipuling'i, wailesi kapena mababu, chitsukeni, chikulungeni, mulembepo mbali imene chinachokera, ndipo mabawuti ake muwaike m'kathumba n'kukamangirira pa chinthucho. Muyambenso kabuku kolembamo tsiku, makilomita ndi ntchito imene yachitika, ndipo mzere woyamba ukhale wa zimene mudzapeze mukagona m'buti muja ndi tochi.